Bawo ndi Macheza a Pagulu kwa Anthu Achikulire a m'Dera la Chintheche

Unduna woona za chisamaliro cha anthu ukupempha mafumu, atsogoleri a zipembedzo, makomiti a chitukuko ndi mabanja onse a m'dera la Chintheche, m'boma la Nkhata Bay, kuti aike masewera ndi macheza a anthu achikulire pa mndandanda wa ntchito zotukula midzi yawo. Nkhaniyi ikufotokoza chifukwa chimene Undunawu ukuonera bawo, drafuti ndi masewera ena a pagulu ngati mbali ya chisamaliro cha okalamba, zimene akatswiri a zaumoyo apeza pa masewera otere, zimene malamulo a dziko lino akunena, komanso mmene mudzi ungayambitsire gulu lake popanda kudikira ndalama zochokera kwina.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza Chintheche

Ndondomeko ya boma yoona za anthu achikulire ya 2016 imati wachikulire ndi munthu aliyense wa zaka 60 kapena kuposera apo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo mwa anthu 100 aliwonse, pafupifupi 5 anali a msinkhu umenewu. Chiwerengerochi chimaoneka chochepa, koma ambiri mwa anthuwa amakhala kumidzi, ndipo ndi iwo amene amasunga zidzukulu, minda ndi nyumba pamene ana awo apita kukafuna ntchito.

Chintheche ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kummwera kwa boma la Nkhata Bay, m'mbali mwa msewu wa M5, ndipo ulendo wa kunja si wachilendo m'derali. Mishoni ya Livingstonia, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, itasamukira ku Bandawe mu 1881 kuchoka ku Cape Maclear, sukulu zinafika msanga pakati pa Atonga, ndipo amuna ambiri odziwa kulemba ndi kuwerenga anayamba kupita kukagwira ntchito m'maiko amene lero ndi Zimbabwe, Zambia ndi South Africa. Mmodzi mwa iwo anali Clements Kadalie wa ku Chifira, amene anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU mumzinda wa Cape Town mu 1919. Maulendowa sanathe. Lero achinyamata amapita ku Joni, ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, ndipo asodzi amasamukira m'madooko ena kutsata usipa.

Ana ambiri amene ali kutali amatumiza ndalama pa foni, ndipo zimenezi n'zoyamikika. Komabe ndalama imagula sopo ndi ndiwo, siikhala pakhonde kucheza ndi gogo. Bambo amene anathera moyo wake pa bwato, akasiya kupita kunyanja chifukwa cha msana kapena maso, amataya ntchito pamodzi ndi anzake amene ankagwira nawo chilimira. Mayi wamasiye amene miyendo yayamba kumuvuta amasiya kupita kumsika, kenako kutchalitchi, mapeto ake amatha sabata yathunthu osalankhula ndi wina wa msinkhu wake. Kale mphala ndi bwalo zinkasonkhanitsa anthu madzulo aliwonse. M'midzi yambiri mwambo umenewu wachepa mphamvu, ndipo malo ocheza amene atsala, monga nyumba zoonetsera mpira ndi malo omwera mowa, sakomera munthu wokalamba.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limaona kusungulumwa ngati vuto la zaumoyo, ndipo mu Novembala 2023 linakhazikitsa komiti yapadera yoona za nkhaniyi. Bungweli limati kukhala wekhawekha kwa nthawi yaitali kumawonjezera chiopsezo cha matenda a mtima, kufa ziwalo, kukhumudwa kwambiri ndi matenda oiwalaiwala.

Bawo ndi masewera ena amene alipo kale

Maiko ambiri ali ndi masewera amene amasonkhanitsa okalamba pa tebulo limodzi. Ku China amasewera mahjong, ku Cuba ndi ku Jamaica amasewera domino. Kuno kwathu sitifunika kuitanitsa masewera akunja, chifukwa bawo imadziwika pafupifupi pa msika uliwonse ndi pa dooko lililonse la m'mbali mwa nyanja. Bawo ndi yofanana kwambiri ndi bao ya ku Zanzibar ndi m'mphepete mwa nyanja ya mchere ku Tanzania ndi Kenya, ndipo olemba mbiri amaigwirizanitsa ndi amalonda a Chiswahili ndi a Chiyao amene ankafika kunyanja ya Malawi kudzera m'malo ngati Nkhotakota. Palinso nsolo kapena nchuwa, imene anthu amakumba maenje ake pansi.

Thabwa la bawo limakhala ndi mizere 4 ya maenje 8, kutanthauza maenje 32, ndipo njere zosewerera zimakhala 64. Ena amagwiritsa ntchito nkhomo, ena timiyala kapena mabo. Wosewera aliyense amakhala ndi mizere iwiri ndi njere 32. Ikafika nthawi yake, amatola njere za m'dzenje limodzi n'kumaponya imodziimodzi m'maenje otsatizana a mbali yake. Njere yomaliza ikagwera m'dzenje la mzere wa kutsogolo lomwe muli kale njere, ndipo dzenje la mnzake loyang'anizana nalo lili ndi njere, amadya njere za mnzakeyo n'kuzilowetsa kumbali yake, kuyambira kumapeto kwa mzere. Pamene palibe chodya, wosewera amangotakata. Wogonja ndi amene mzere wake wa kutsogolo watha njere, kapena amene alibenso poyenda.

Pali kaseweredwe kophweka kamene njere zonse zimaikidwa pa thabwa poyamba, ndipo ndi kamene ophunzira amayambira. Akatswiri amayamba ndi njere zochepa pa thabwa, zina n'kusunga pambali, ndipo amalowetsa imodzi nthawi iliyonse akamasewera mpaka zitatha. Kuyenda kumodzi kungazungulire thabwa kangapo, choncho wosewera wabwino amawerengera mumtima kumene njere yomaliza ikathere asanakhudze n'komwe dzenje. Luso limeneli ndi lozama kotero kuti katswiri wa ku Netherlands, Alex de Voogt, analemba kafukufuku wa digiri yake ya udokotala mu 1995 pa mmene akatswiri a bao a ku Zanzibar amakumbukirira ndi kuwerengera akamasewera.

Drafuti nayo ndi yosavuta kupeza, popeza imangofuna thabwa lojambulidwa mabokosi ndi zitsekerero za mabotolo. Makhadi ndi ludo zimalola anthu 4 kusewera nthawi imodzi. Ubwino wa masewera onsewa ndi woti safuna mphamvu zambiri, safuna kudziwa kulemba, ndipo munthu wa zaka 80 angathe kugonjetsa mnyamata wa zaka 20 anthu akuona. Kwa munthu amene wazolowera kuuzidwa kuti nthawi yake inatha, kupambana kotere kumabwezeretsa ulemu. Komanso bawo siseweredwa ndi anthu awiri okha: oonerera amazungulira, amatsutsana, amaseka, ndipo nkhani za m'mudzi zimamveka pomwepo.

Zimene kafukufuku wapeza

Mu 2003 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inasindikiza kafukufuku wa ku New York amene anatsatira anthu 469 a zaka zoposa 75. Anapeza kuti amene ankakonda kuwerenga, kusewera masewera a pa thabwa, kuimba zida za nyimbo ndi kuvina ankadwala matenda oiwalaiwala mocheperako poyerekeza ndi anzawo. Mu 2019 akatswiri a pa yunivesite ya Edinburgh ku Scotland anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 1,000 obadwa mu 1936, ndipo anapeza kuti amene ankasewera makhadi, chess ndi masewera ena otere ankasunga bwino luso la kukumbukira ndi kuganiza msanga ali m'zaka za m'ma 70.

Undunawu ukufuna kuti zotsatirazi zimveke moyenera. Kafukufukuyu akuonetsa kuti masewera amayendera limodzi ndi ubongo wathanzi, koma sakunena kuti bawo ndi mankhwala. Munthu amene wadwala kale matenda oiwalaiwala sangachire chifukwa chosewera, ndipo wodwala matenda othamanga magazi kapena a shuga ayenera kupitiriza kumwa mankhwala ake. Phindu limene aliyense angalione ndi loti masewera amapatsa munthu chifukwa chodzukira, kusamba, kuvala ndi kutuluka m'nyumba, ndipo amamuika pamaso pa anthu amene angazindikire msanga ngati china chasintha pa iye.

Kuiwalaiwala si ufiti

Apa ndi pamene nkhani ya masewera ikukhudza moyo weniweni wa munthu. Matenda oiwalaiwala amachititsa munthu kuiwala maina a ana ake, kulankhula zosamveka, kuvomera zinthu zimene sanachite, kapena kudzuka usiku n'kusochera mpaka kupezeka m'mamawa pakhomo pa eni ake. M'madera ambiri zizindikiro zimenezi zimatengedwa ngati umboni wa ufiti. Zotsatira zake dziko lino laziona: mu Januwale 2016, m'boma la Neno, anthu 4 achikulire anaphedwa ndi gulu la anthu powaganizira kuti ndi afiti, ndipo bungwe la MANEPO, lomwe limagwirizanitsa mabungwe oona za anthu achikulire, lakhala likudandaula chaka ndi chaka za nkhanza zotere.

Amene amanamiziridwa kawirikawiri ndi munthu wokhala yekha, wosauka, amene anthu sakumudziwanso bwino. Wachikulire amene amaonekera pagulu kawiri pa sabata, amene ana a m'mudzi anaphunzira bawo pamanja pake, amakhala ndi anthu omuikira kumbuyo tsiku limene mphekesera yayamba. Anzake osewera nawo ndiwonso amayamba kuona ngati katswiri wakale wayamba kuiwala mbali yoyendera kapena kubwereza funso limodzimodzi. Zikatero, choyenera ndi kudziwitsa abale ake mwaulemu ndi mwachinsinsi, kuti apite naye ku chipatala cha Chintheche kapena chipatala chachikulu cha Nkhata Bay. Gulu la masewera lilibe udindo wonena matenda a munthu; udindo wake ndi kumulondolera kwa achipatala.

Zimene malamulo akunena

Gawo 13 la malamulo oyendetsera dziko lino limalamula boma kulemekeza ndi kuthandiza okalamba kudzera mu ntchito za m'madera, ndiponso kuwalimbikitsa kutenga mbali pa moyo wa m'dera lawo. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loona za anthu achikulire, lomwe limateteza ufulu wawo ndi kuletsa kuwachitira nkhanza, kuwasala kapena kuwanyalanyaza. Lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo pansi pa lamuloli kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Malawi ali m'gulu la maiko a bungwe la United Nations, limene linagwirizana pa ndondomeko ya ku Madrid ya 2002 yoona za ukalamba, ndiponso linatcha zaka za 2021 mpaka 2030 kuti ndi zaka zolimbikitsa kukalamba ndi thanzi. Choncho mudzi umene ukukonzera okalamba malo ochezera ukukwaniritsa zimene malamulo akufuna.

Mmene mudzi ungayambitsire gulu

Choyamba ndi kufunsa eni ake. Nyakwawa ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi aitane achikulire, abambo ndi amayi, kuti anene okha masewera amene akufuna, masiku ndi malo. Zokambiranazo zichitike m'Chitonga kapena m'chiyankhulo chimene iwo amamasuka nacho. Komiti yoyendetsa gulu ikhale ya achikulire omwewo, achinyamata akhale othandizira.

Malo akhale apafupi. Timagulu ting'onoting'ono m'midzi ya mafumu monga Malengamzoma, Fukamapiri ndi Zilakoma tingathandize anthu ambiri kuposa gulu limodzi lalikulu pa msika wa Chintheche, chifukwa amene akufunikira kwambiri machezawa ndi amene sangayende mtunda wautali kapena kulipira kabaza. Mthunzi wa mtengo wa mango ndi wokwanira m'chilimwe, bola pakhale posalala, pasakhale powolotsa anthu msewu wa M5, ndipo pafupi pakhale chimbudzi ndi madzi akumwa. Popeza boma la Nkhata Bay limalandira mvula yambiri ndiponso kwa miyezi yambiri, gulu lipemphe chipinda cha tchalitchi, cha sukulu ya mkombaphala kapena kalasi ana akaweruka. M'miyezi ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, malo a pamchenga amakhala ozizira ndi amphepo, choncho ndi bwino kusunthira kumtunda.

Nthawi yabwino ndi masana, anthu atabwerako kumunda ndi kudooko, ndipo aweruke dzuwa lisanalowe kuti ayende kukuwala ndi kupewa udzudzu. Masiku awiri pa sabata ndi okwanira poyamba. Chofunika ndi chakuti masikuwo asamasinthesinthe, kupatula pakagwa maliro.

Zipangizo sizifuna ndalama zambiri. Kalipentala wa m'mudzi angathe kusema thabwa la bawo, ndipo mabanja ena ali nawo kale matabwa amene angobisidwa kuseri kwa chitseko. Ngakhale maenje okumba pansi amagwira ntchito, odwala mawondo ndi msana amavutika kukhala pansi, motero thabwa liikidwe pa tebulo kapena pa benchi, ndipo mipando ikhale yotsamira. Kwa amene maso achita chidima kapena manja amanjenjemera, maenje akhale otakasuka ndipo njere zikhale zazikulu, za mtundu wosiyana ndi thabwa. Popeza njere zimadutsa m'manja mwa anthu ambiri, pakhale ndowa ya madzi ndi sopo. Mliri wa kolera wa 2022, umene unakhudza kwambiri boma lino, unaonetsa kufunika kwa zimenezi.

Chida chofunika kuposa zonse ndi kope lolembamo maina. Munthu akajomba kawiri motsatizana, anthu awiri a m'gulu apite kukamuona. Mwina wadwala, wagwa, chakudya chamuthera, kapena wina kunyumba akumuzunza. Amene sangathenso kutuluka m'nyumba asaiwalidwe: thabwa la bawo ndi lonyamulika, ndipo gulu lingathe kukakumana pakhonde pake mwa apo ndi apo.

Amayi, achinyamata ndi kulimbitsa thupi

M'malo ambiri bawo imatengedwa ngati masewera a amuna, pamene amayi achikulire ali kalikiliki kuviika chinangwa, kusinja ufa wa kondowole, kuyanika usipa ndi kulera zidzukulu. Palibe lamulo la masewerawa loletsa mayi kusewera. Popeza amayi kawirikawiri amakhala ndi moyo wautali kuposa abambo, ndi iwo amene amatsala okha, ndiponso ndi iwo amene amanamiziridwa ufiti kwambiri. Gulu lionetsetse kuti amayi ali m'komiti, ndipo ngati akufuna tsiku lawolawo, apatsidwe. Magulu a m'mipingo, monga Umanyano mu Sinodi ya Livingstonia, ndiponso magulu a banki m'khonde, angathe kupatula ola limodzi la masewera akatha zokambirana zawo. Achibale alandire ntchito za pakhomo pa maola amenewo kuti agogo apite.

Achinyamata ali ndi mbali yawo. Angathe kuperekeza osaona bwino, kunyamula mipando, ndi kuphunzira. Mwana amene akusewera bawo akuphunzira kuwerengera, kudikira nthawi yake ndi kugonja osakwiya, ndipo pamene akusewera amamva mbiri ya mudzi, maina a nsomba ndi a mphepo za panyanja kuchokera kwa anthu amene anaziona. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Bawo imaseweredwa chokhala, choncho payokha siikwanira. Bungwe la WHO limalangiza achikulire kuchita zolimbitsa thupi zosatopetsa kwambiri kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiponso zothandiza kuima mosadzandira masiku 3 pa sabata pofuna kupewa kugwa. Kuyenda wapansi popita ku gulu kumawerengedwa. Derali lilinso ndi magule ake, monga honala, chilimika ndi malipenga, amene achikulire ambiri anavina pa unyamata wawo ndipo angathe kuvina mofatsa kwa mphindi zochepa asanayambe kusewera. Alangizi a zaumoyo a m'dera angapemphedwe kumafika pa gulu kudzaphunzitsa za matenda othamanga magazi, shuga ndi maso, ndi kutumiza kuchipatala ofunika kuyezedwa.

Zoyenera kupewa

Masewerawa asasanduke njuga. Kubetcherana ndalama, ngakhale zochepa, kumabala ngongole ndi udani, ndipo kungadye ndalama ya Mtukula Pakhomo imene banja lonse likudalira. Mowa usagulitsidwe pa malo a gulu. Pasakhale ndalama yolowera, chifukwa ingatsekere kunja osaukitsitsa. Gulu lisagwiritsidwe ntchito pa ndale za zipani, ndipo lisasankhe chipembedzo kapena mtundu. Munthu aliyense wouza achikulire kuti apereke ndalama kapena chiphaso cha unzika kuti alembedwe m'gulu kapena kuti alandire thandizo la boma akanenedwe kwa mfumu ndi kupolisi. Pomaliza, gulu la masewera silichotsa udindo wa banja wopereka chakudya, pogona ndi chithandizo cha kuchipatala kwa makolo awo.

Kumene kungapezeke thandizo

Midzi yofuna uphungu pa kayambitsidwe ka magulu otere ikumane ndi alangizi a chitukuko cha m'madera kapena ofesi ya chisamaliro cha anthu ku khonsolo ya boma la Nkhata Bay. Makomiti a chitukuko a m'midzi akulimbikitsidwa kupereka zofuna za achikulire, monga mabenchi ndi zisakasa, ku komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu kuti zilowe m'mapulani a khonsolo. Nkhanza iliyonse kwa munthu wachikulire, kuphatikizapo kumunena ufiti, kumulanda malo kapena kumuthamangitsa m'mudzi, ikanenedwe msanga kupolisi ya pafupi, ku nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza, kapena ku ofesi ya chisamaliro cha anthu.

Chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira tsiku lothana ndi nkhanza kwa okalamba pa 15 Juni, ndi tsiku la anthu achikulire pa 1 Okutobala. Undunawu ukupempha midzi ya m'dera la Chintheche kuti igwiritse ntchito masiku amenewa pochititsa mipikisano ya bawo ndi drafuti pakati pa midzi yoyandikana, ndipo kuti magulu amene ayambike apitirize kukumana sabata ndi sabata chaka chonse.